Ofesi ya maloya ya ku Braamfontein ndi malire a zimene apilo ingathe kunena

Kalata yokana kuwonjezera masiku pa visa ya sukulu ya mwana wa mchemwali wanga inali ya tsamba limodzi, ndipo chifukwa chokanira chinalembedwa m'mizere iwiri yokha. Kalata yachiwiri, yokana apilo yathu yoyamba, inali yaifupi kuposa pamenepo. Ndinafika ku ofesi ya maloya imene ndikufuna kuifotokoza pano nditanyamula makalata awiriwa mu envelopu ya khaki, ndili ndi mtsikanayo, amene anali atatha sabata yathunthu chakudya chisakumulowa. Kwathu ku Dedza ine ndiye mwinimbumba, ndipo mchemwali wanga pomukweza mwanayu basi ku Lilongwe anamuika m'manja mwanga, kotero kuti vuto la mapepala ake linali langa ndisanafunsidwe n'komwe.

Dzina la ofesiyi sindilitchula, chifukwa ndinena zabwino ndi zoipa zomwe, komanso nkhani ya munthu wina imene ndiikhudze m'munsimu sinathe. Ili m'nyumba ina yosanja ku Braamfontein, mu mzinda wa Johannesburg, mtunda wa mphindi ngati 10 kuyenda pansi kuchokera ku Park Station, ndipo muli maloya awiri ndi mlembi mmodzi. Ntchito yawo ndi ya mavisa, zilolezo zokhala m'dziko muno ndi milandu ya anthu othawa kwawo basi, moti za ukwati, za ngozi za pamsewu kapena za nyumba samazilandira. Ndisanapereke ndalama iliyonse ndinafufuza dzina la mayi amene tinkakakumana nawo pa mndandanda wa Legal Practice Council, bungwe limene limalembetsa maloya mu South Africa muno, ndipo ndinalipeza. Aliyense amene akuganiza zopereka pasipoti yake kwa munthu wodzitcha loya ayambe wachita zimenezi, chifukwa sizilira ndalama. Mlembi wa pa ofesiyi ndi mnyamata wa ku Chipata, amayankhula Chinyanja chimene tonse timamvana, ndipo funso lake loyamba, tisanakhale n'komwe pansi, linali lakuti, "Bambo, kalata yokanayo munaitenga tsiku liti, ndipo risiti yake muli nayo?" Kuonana ndi loya kwa ola limodzi tinalipira R900, ndipo anatipatsa risiti ya ofesi yokhala ndi chidindo.

Mayi loyawo sanayambe ndi kumva nkhani yathu. Anachotsa kalendala pakhoma, n'kuiyala patebulo, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi nsonga ya pensulo. Kalata yokana apilo yoyamba ija tinaitenga Lolemba pa 15 Sepitembala. Anadumpha Loweruka ndi Lamlungu, anadumphanso pa 24 chifukwa ndi tchuthi cha Heritage Day, ndipo pensulo inakaima pa 30, pamene anazunguliza kawiri. Tsiku limene tinali mu ofesimo linali pa 23, kutanthauza kuti masiku asanu ndi limodzi anali atapita kale ife tikuyenda kwa anthu a kumpingo kufunsa nzeru, ndipo otsala anali anayi. Ine ndinakula ndikumva kuti mlandu suola, ndipo mawuwa ndinkawakhulupirira monga mmene munthu amakhulupirira kuti mvula idzabwera nyengo yake ikakwana. Pa nkhani za mapepala kuno mlandu umaola, ndipo umaola m'masiku 10 ogwira ntchito.

Atatero anatifotokozera mmene makwerero ake alili. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko muno, Immigration Act ya 2002, pa gawo 8(4) limalola munthu amene wakanidwa kuti apemphe mkulu wa Home Affairs (nthambi ya boma yoona za mavisa), amene lamulo limamutcha Director-General, kuti aunikenso chigamulocho pasanathe masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pamene walandira kalata. Akakanidwanso pamenepo, gawo 8(6) limamupatsa masiku ena 10 kuti akadandaule kwa nduna. Makomo a mkati mwa boma ndi awiri okhawa. Ife loyamba tinali titaliwononga kale, ndipo mmene tinaliwonongera ndi pamene pagona phunziro lonse la ofesi imeneyi.

Apilo yoyamba anatilembera munthu wina wa ku Mayfair amene amadziwika pakati pa Amalawi kuti "amakonza mapepala", ndipo anatilipiritsa R3,500. Kalata yake inali ya masamba awiri, yolembedwa m'Chingerezi chokoma, ndipo ine nditaiwerenga nthawi imeneyo ndinakhutira nayo. Inanena kuti mtsikanayu bambo ake anamwalira ali wamng'ono, kuti amakhoza bwino maphunziro a zowerengera ndalama, kuti sanapalamulepo mlandu, kuti banja lonse likudalira iye, ndipo inamaliza ndi kupempha chifundo. Zonsezi zinali zoona. Mayi loyawo anaika kalatayi kumanja, kalata yokana ija kumanzere, n'kupempha mtsikanayo kuti awerenge mokweza mizere iwiri ya chifukwa chokanira. Chifukwacho chinali chakuti umboni wa chithandizo cha kuchipatala umene anapereka sunali wochokera ku medical scheme (bungwe lolipirira mamembala ake kuchipatala) yolembetsedwa motsatira lamulo la Medical Schemes Act. Kenaka anamufunsa kuti asonyeze pamene kalata ya munthu wa ku Mayfair ikuyankha mfundo imeneyi. Mtsikanayo anayendetsa chala mzere ndi mzere mpaka kumapeto kwa tsamba lachiwiri, ndipo anakweza maso n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amalume, mulibemo."

Vuto lenileni linali laling'ono. Wophunzira wochokera kunja amafunika kukhala membala wa medical scheme yolembetsedwa m'dziko muno, ndipo umembalawo uziwonjezeredwa chaka ndi chaka. Ife, pofuna kupulumutsa ndalama, chaka chachiwiri tinamugulira inshuwalansi yotchipa ya mtundu umene umapereka ndalama munthu akagonekedwa m'chipatala, poganiza kuti zonse ndi chimodzimodzi. Lamulo siliziona choncho. Kulakwa kumeneku kunali kwathu, ndipo amene anakana anakana motsatira zimene zinali patebulo pake.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti maganizo anga pa mawu akuti apilo anali ochokera pa bwalo la kumudzi. Kwathu mlandu ukakanika kwa nyakwawa n'kupita kwa gulupu, kapena kufika kwa mfumu yaikulu, wodandaula amayambiranso pachiyambi penipeni, amafotokoza za makolo, za malire a munda akale, za amene analipo pa maliro a uje, ndipo bwalo limamvetsera chifukwa likufuna kudziwa munthuyo ndi mbiri yake lisanagamule. Kalata ya munthu wa ku Mayfair inalembedwa mwa mtundu umenewo, n'chifukwa chake inandikomera. Koma wogwira ntchito amene akuwerenga apilo ku Pretoria sakufunsa kuti mtsikanayu ndani. Funso lake ndi lakuti kodi chifukwa chimene chinalembedwa pa kalata yokana n'cholakwika, kapena chakonzedwa, ndipo pepala limene silikhudza funso limeneli amaliona ngati silinanene kanthu ngakhale litadzaza ndi choonadi.

Tinagwirizana kuti ofesiyi itilembere apilo yopita kwa nduna pa mtengo wa R6,500. Tsiku lomwelo mlembi uja anatithandiza kupeza medical scheme yolembetsedwa imene imalandira ophunzira akunja, tinalipira za chaka chonse, ndipo satifiketi inabwera pa imelo pasanathe masiku awiri. Lachisanu tinabwereranso kukawerenga zimene mayiwa analemba. Apiloyo inali ndi mfundo zinayi zokhala ndi manambala. Yoyamba inabwereza chifukwa chokanira monga mmene chinalembedwera n'kusonyeza satifiketi yatsopano. Yachiwiri inafotokoza mmene kulakwitsa kunachitikira, popanda kubisa kapena kuloza munthu chala, ndipo inaphatikiza malisiti a inshuwalansi yakale pofuna kuonetsa kuti panalibe cholinga chozemba. Yachitatu inasonyeza kuti zofunika zina zonse zinakwaniritsidwa, kuphatikizapo kalata ya kukoleji, umboni wa ndalama zomusamalira, ndiponso kuti pempho lowonjezera masiku linaperekedwa kudakali masiku oposa 60 visa isanathe, monga malamulo amafunira. Yachinayi inanena zimene chigamulochi chingawononge, ndiye kuti mayeso a kumapeto kwa chaka ndi fizi ya zaka ziwiri imene inali italipiridwa kale.

Ine sindinakondwe nditaona kuti za umasiye wa mwanayu munalibe ngakhale mzere umodzi, ndipo ndinawauza mayiwa zimenezo. Yankho lawo ndimaliganizirabe. Anati chilichonse chimene chili ndi mphamvu pa lamulo chiyenera kulowa tsopano, chifukwa mwina sipadzakhalanso pena pochilowetsera, koma chimene chilibe mphamvu pa lamulo chimangophimba zimene zili nayo. Sindinganene kuti mtima wanga unavomereza kotheratu, chifukwa mpaka lero ndimaona kuti boma limene likugamula za moyo wa munthu liyenera kudziwa kuti munthuyo ndani. Koma pa ntchito imene ndinawalipirira, iwo ndi amene ankadziwa njira, ndipo anali ndi chifukwa chomveka pa mzere uliwonse umene anaika kapena kuchotsa.

Mawu akuti "mwina sipadzakhalanso pena pochilowetsera" anawamasulira pondifotokozera za khoti. Ambiri a ife timaganiza kuti nduna ikakana, jaji wa ku High Court ya pa Pritchard Street adzamva nkhani yonse mwatsopano n'kupereka visa. Si mmene zilili. Chimene khoti limachita pamenepo ndi kuunika mmene chigamulo chinapangidwira, motsatira lamulo la Promotion of Administrative Justice Act la chaka cha 2000, limene maloya amangolitcha PAJA. Jaji amafunsa ngati wogamula anali ndi mphamvu zotero, ngati anatsatira ndondomeko, ngati anamva mbali ya wodandaula, ngati anaganizira zofunika ndi kusiya zosafunika, ndiponso ngati chigamulocho chikugwirizana ndi umboni umene unali pamaso pake. Mawu akuti "pamaso pake" ndi amene ali ndi mano. Khoti limaitanitsa fayilo imene wogamulayo anagwiritsa ntchito, ndipo n'kovuta kwambiri kumuimba mlandu wonyalanyaza pepala limene sanapatsidwe. Lamulo lomweli limanenanso kuti pempho lotere lifike kukhoti mosachedwa, pasanathe masiku 180, ndiponso kuti munthu ayambe wamaliza makomo onse a mkati mwa boma, pokhapokha pali zifukwa zapadera zimene khoti lavomereza. Ngakhale munthu apambane, nthawi zambiri khoti limangofafaniza chigamulocho n'kubweza nkhani kwa omwewo kuti aigamulenso. Choncho apilo imene timaipeputsa ija ndi imene imamanga maziko a mlandu wa kukhoti umene ungadye ndalama zochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Anatiuzanso mosabisa kuti satifiketi yogulidwa chikano chitabwera kale siikakamiza aliyense kuvomera, ndipo kuti zikakanika njira yotsala ndi yakuti mtsikanayo apite kwathu akapemphe visa yatsopano kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Anamuletsa kukwera basi ya Khrisimasi asanawafunse, chifukwa malamulo a 2014 amanena kuti munthu wotuluka m'dziko muno atapyola masiku ake amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi ngati wapyola masiku osaposa 30, ndipo kwa zaka zisanu ngati wapyola kuposa pamenepo, ndipo chidindo chimenecho amamenyera pa chipata cha Beitbridge pomwepo. Anati nthawi zina boma limatulutsa zidziwitso zopepukitsa kwa anthu amene akudikira mayankho, koma zimakhala ndi tsiku lothera, kotero munthu asayende podalira zimene wamva pa WhatsApp. Apilo tinakaipereka ku VFS Global, kampani imene imalandira mapempho a mavisa m'malo mwa Home Affairs, Lolemba pa 29, kutatsala tsiku limodzi, ndipo risiti yake anatiuza kuti tiijambule makope atatu, mtsikanayo aziyenda ndi imodzi nthawi zonse.

Zofooka za ofesiyi zilipo ndipo si zazing'ono. Apilo itaperekedwa, kulankhulana kunazilala. Ndinkaimba foni osayankhidwa, uthenga unkatha masiku anayi kapena asanu usanabwezedwe, ndipo palibe tsiku limene iwo anayamba okha kutidziwitsa pamene nkhani yafika. Ndikumvetsa kuti loya sangafulumizitse boma, koma munthu amene akudikira yankho la mapepala amagona ndi mantha, ndipo uthenga wa mizere iwiri pamwezi wonena kuti palibe chatsopano ukanachepetsa nkhawa pabanja pathu. Chachiwiri, mtengo wa R6,500 sanatiuze poyamba kuti sukuphatikiza ndalama za ku VFS ndi zotsimikizira makope, moti tinadzazidziwa tsiku lokapereka, m'thumba muli mopepuka kale. Chachitatu, mlembi wa ku Chipata uja akachokapo palibenso wina womasulira, ndipo mayi loyawo amayankhula mofulumira. Ine ndakhala kuno zaka zambiri ndipo ndinkatsatira, koma mayi wachikulire wongobwera kumene kuchokera ku Mangochi angatuluke muja atagwedeza mutu pa zonse osamva theka lake.

Ndinabwereranso ku ofesiyi patapita miyezi iwiri ndi bambo wina wa kumpingo kwathu, ndipo ulendo umenewu ndi umene unandichititsa kuwalemekeza anthuwa kuposa poyamba. Bambowa akhala kuno zaka zoposa zisanu ndi pepala la asayilamu, limene limaperekedwa pansi pa gawo 22 la Refugees Act ya 1998 kwa munthu amene pempho lake lokhala ngati wothawa kwawo likuunikidwabe. Amagwira ntchito yosoka ku Fordsburg. Popeza ofesi ya othawa kwawo ya ku Crown Mines inatsekedwa mu 2011, nkhani yawo inali ku Desmond Tutu Refugee Reception Centre ku Marabastad, mu Pretoria, ndipo kumeneko analandira kalata yowakana. Iwo ankafuna apilo, ndipo ndalama anali atasonkhanitsa kale.

Mayi loyawo anayang'ananso kaye mawu enieni a pa kalatayo, ndipo anatisonyeza awiri, "manifestly unfounded". Anafotokoza kuti wogamula woyamba pa nkhani za asayilamu akakana, amakana m'njira zosiyana, ndipo njira iliyonse ili ndi khomo lake. Akalemba kuti pempho ndi "unfounded", kutanthauza kuti zifukwa zimene munthu wapereka ndi za mtundu umene lamulo limazindikira koma sizinakhutiritse, munthuyo amatha kuchita apilo ku Refugee Appeals Authority, bungwe limene linalowa m'malo mwa Refugee Appeal Board pamene kusintha kwa lamuloli kunayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020. Kale munthu ankapatsidwa masiku 30, koma tsopano ndi masiku 10 ogwira ntchito, ndipo zifukwa za apilo ziyenera kulembedwa. Wochedwa ayenera kupempha kuti amukhululukire kuchedwako ndi kufotokoza chimene chinamuchedwetsa. Koma akalemba kuti "manifestly unfounded", ndiye kuti zifukwa zimene munthu wapereka sizili n'komwe m'gulu la zimene lamulo limapatsira asayilamu, ndipo pamenepo khomo la apilo palibe. Fayilo imapita yokha ku Standing Committee for Refugee Affairs, imene imaunika zolembedwa, ndipo chimene munthu angachite ndi kutumiza mfundo zake polemba nthawi isanathe.

Kenaka anawafunsa bambowa zimene ananena tsiku limene anafunsidwa koyamba. Iwo anayankha kuti ananena zoona, kuti kumudzi kunali njala, fodya sanagulidwe bwino, ndipo anabwera kudzafuna ntchito kuti ana apite kusukulu. Mayiwa anatsegula gawo 3 la lamulolo n'kuwerenga pang'onopang'ono, mlembi akumasulira. Wothawa kwawo ndi munthu amene ali ndi mantha omveka oti akazunzidwa chifukwa cha mtundu wake, kukhala mwamuna kapena mkazi, fuko, chipembedzo, dziko limene amachokera, maganizo ake pa ndale kapena gulu la anthu limene iye ali m'gulumo, kapenanso amene wathawa nkhondo, kulandidwa kwa dziko kapena chisokonezo chachikulu, pamodzi ndi amene amadalira munthu wotero. Umphawi, ngakhale utafika pogona ndi njala, mulibe m'ndandanda umenewu. Anawafunsa mafunso ambiri mofatsa, ngati anaopsezedwapo, ngati pali wina m'banja amene anavulazidwa chifukwa cha chipani kapena chipembedzo, ngati pali chimene anachita manyazi kunena pa tsiku loyamba lija. Anati kukhala Mmalawi pakokha sikutsekera munthu khomo, chifukwa nkhani ya munthu aliyense imaunikidwa payokha. Bambowa pa funso lililonse ankayankha kuti ayi.

Panali chete pang'ono, kenaka bambowa ananena chimene ambiri amanong'onezana m'mashopu ndi m'mateksi. Anati anzawo anawalangiza kuti alembe zoti anathawa ndale, ndipo anafunsa ngati ofesiyi ingawakonzere nkhani yotero. Mayiwa anakana pomwepo, osakweza mawu. Anati choyamba iwo sangalembe bodza pa chikalata cholumbirira, ndipo chachiwiri bodzalo silingathandize, chifukwa zimene munthu analemba pa fomu yoyamba ndi zimene ananena pofunsidwa zimakhala mufayilo, ndipo aliyense wounika pambuyo pake amayamba ndi kuziyerekeza ndi nkhani yatsopanoyo. Anafotokoza kuti pa apilo ya asayilamu munthu amaloledwa kubweretsa umboni watsopano ndi kumveketsa zimene womasulira anasokoneza, ndipo kuti mu 2021, pa mlandu wa Somali Association of South Africa, Supreme Court of Appeal inanenetsa kuti ounika apilo ali ndi udindo wothandiza wopempha kuti nkhani yake yonse ituluke, osangoyang'ana za kuzunzidwa pa ndale n'kuiwala othawa nkhondo. Koma kufotokoza bwino nkhani imene inalipo kale n'kosiyana ndi kubala nkhani ina imene ikutsutsana ndi yoyamba. Anamaliza ndi kunena kuti, "Bambo, ndalama zanuzo musandipatse, chifukwa palibe chimene ndingalembe chimene chingasinthe kalata iyi."

Anangolandira R900 ya kuonana ija, ndipo ola lonselo analigwiritsa ntchito kuwafotokozera zimene zidzachitike komiti ija ikavomereza chikanocho, kuti pepala lawo lidzasiya kugwira ntchito ndipo adzauzidwa kuti atuluke m'dziko, ndiponso kusiyana kwa kutuluka wekha ndi kutengedwa kudzera ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Anawalembera papepala mayina a Lawyers for Human Rights ndi Wits Law Clinic, onse a ku Braamfontein komweko, kumene anthu osowa amathandizidwa popanda kulipira, kuti akamvenso maganizo ena ngati akukayika. Tikutsika masitepe bambowa anali okwiya, ndipo anati loya weniweni akanayesako. Ine sindinawatsutse pamenepo chifukwa mtima wawo unali ukuwawa, koma ndikudziwa anthu angapo amene analipira masauzande kwa okonza mapepala kuti awalembere apilo pa khomo limene kulibe, n'kudzazindikira atagwidwa pamsewu. Mu 2021, pamene Home Affairs ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo, anagwirizana zochepetsa mulu wa ma apilo a asayilamu, amene ankadikira anali oposa 150,000, ndipo kudikira kwa zaka kumeneku n'kumene kwachititsa ambiri a ife kuona pepala la asayilamu ngati chilolezo cha ntchito chokhazikika, pamene ndi pepala la munthu amene nkhani yake ikuyembekeza chigamulo.

Kwa munthu amene walandira kalata yokana visa, ali ndi masiku owerengeka, ndipo angakwanitse mtengo umene ndatchulawu, ofesi ya mtundu umenewu ndi yoyenera ndalama zake, bola afunsiretu zonse zimene zili kunja kwa mtengowo ndipo apemphe kuti zilembedwe. Apite tsiku lotsatira atalandira kalata, atanyamula kalatayo, risiti yosonyeza tsiku, pasipoti, ndi makope a chilichonse chimene anapereka poyamba, chifukwa mayiwa anataya theka la ola akufunafuna zimene munthu wa ku Mayfair anatumiza, ife tilibe kope ya zina mwa izo. Amene akufuna womulimbitsa mtima kapena womulonjeza kuti zitheka sakapeza zimenezo kumeneko.

Yankho la apilo ya mwana wa mchemwali wanga linabwera patatha miyezi isanu, ndipo visa inaperekedwa mpaka kumapeto kwa maphunziro ake. Khrisimasi anadyera kuno, amayi ake akulira pafoni. Satifiketi ya medical scheme anaimata mkati mwa chitseko cha wadilopu, tsiku lothera atalilemba ndi inki yofiira. Bambo a ku Fordsburg aja adakasokabe, komiti sinawayankhe, ndipo Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wotumizira makina osokera pa basi ya ku Blantyre.